Bala la khasu linawafikitsa bwanji pa okosijeni? Yankho kwa mayi wa ku Ngabu

Mayi wina wa kufupi ndi Ngabu walemba kalata yaitali, ndipo mwachidule akunena izi: "Abambo akunyumba anadzitema ndi khasu paphazi ali kudimba. Bala silinali lalikulu, anangolimanga ndi kansalu n'kupitiriza kulima. Patapita masiku atatu phazi linatupa, thupi linatentha. Tinakayezetsa malungo koma sanapezeke, ndiye tinagula makapisozi ndi Panado pagolosale. Usiku wa tsiku lachisanu anayamba kubwebweta, akupuma mwabefu, manja ali ozizira. Tinanyamuka usiku womwewo. Kuchipatala anati ndi sepsis, ena akuti poizoni walowa m'magazi. Anawaika pa okosijeni, anawang'amba phazi ku thiyeta, ndipo tinagona m'wodi milungu iwiri. Pano ali pakhomo koma ndi ofooka, akuiwalaiwala. Achibale akuti alipo amene anawathira mankhwala m'chakudya. Kodi madokotala anadziwa bwanji kuti ndi sepsis, popeza sanationetse kachipangizo ngati ka malungo kaja? Kodi ibweranso? Nanga ikagwira mwana ndingaizindikire bwanji?"

Mayi, pepani ndi zimene zakuonekeranizi. Munachita bwino kwambiri kunyamuka usiku osadikira kuti kuche. Munthu akafika pobwebweta, manja atazizira, maola ochepa omwewo ndi amene amasiyanitsa wochira ndi womwalira, ndipo inu simunawataye.

Nkhani ya achibale ndiyambe nayo, chifukwa ikhoza kudanitsa anthu amene akhala bwino zaka zambiri. Zonse zimene mwafotokoza, kuyambira pa bala, kutupa, kutentha thupi mpaka kubwebweta, zikutsatana ndendende mmene matendawa amayendera. Palibe chimene chikuloza ku chakudya. Chimene chinalowa m'thupi la bambowo ndi tizilombo, ndipo tinalowera pa bala la khasu lija. Muwauze akuluakulu a pabanja zimenezi mofatsa, ndipo ngati akukayikabe, mupite nawo tsiku lokaonetsanso phazi kuti akamve okha kwa dokotala.

Tizilombo tikalowa paliponse, kaya ndi pabala, m'mapapo, m'chikhodzodzo, m'matumbo kapena m'chiberekero, thupi limatumiza asilikali ake pamalopo. Kutupa, kutentha, kupweteka ndi mafinya ndi zizindikiro zakuti nkhondo ikumenyedwa, ndipo kawirikawiri imathera pomwepo, munthu n'kuchira. Sepsis ndi pamene nkhondoyo yachoka pamalo amodzi n'kufalikira thupi lonse, chitetezo cha thupi chija n'kuyamba kuvulaza ziwalo za mwini wake. Zili ngati moto umene munthu wayatsa kuti atenthe zinyalala m'munda mwezi wa October, mphepo n'kuutembenuza, n'kukagwira nkhokwe ndi denga la nyumba. Mitsempha ya magazi imatakasuka n'kuyamba kuchucha, madzi amathawira m'minofu, BP imatsika, ndipo m'timitsempha ting'onoting'ono magazi amayamba kuundana. Impso zikapanda kulandira magazi okwanira, mkodzo umachepa mpaka kuleka. Ubongo ukaperewedwa, munthu amasokonezeka, amagona tulo tosadzutsika bwino, kapena amalankhula zosamveka. Mapapo akakhudzidwa, mpweya umavuta. Thupi poyesa kupulumutsa mtima ndi ubongo limachepetsa magazi opita m'manja ndi m'mapazi, n'chifukwa chake munawagwira manja n'kumva kuzizira pamene masana thupi linali lamoto.

Si matenda achilendo ayi. Kafukufuku amene bungwe la WHO limagwiritsa ntchito anawerengera kuti m'chaka cha 2017 anthu pafupifupi 49 miliyoni padziko lonse anadwala sepsis, ndipo 11 miliyoni anamwalira, kutanthauza munthu mmodzi mwa asanu alionse amene anamwalira chaka chimenecho. Pafupifupi theka la odwalawo anali ana. Kungoti dzinali sitilimva kawirikawiri, chifukwa pamaliro timanena chimene chinayambitsa: chibayo, malungo, kutsegula m'mimba, uchembere. Koma njira imene ambiri mwa matenda amenewa amaphera munthu ndi yomweyi.

Tsopano funso lanu lalikulu. Kachipangizo kodontheza magazi n'kuonetsa mizere iwiri ya sepsis kulibe, ngakhale m'zipatala za mayiko olemera. Dokotala amafunsa mafunso awiri m'mutu mwake wodwala akangolowa. Kodi pali penapake pamene tizilombo talowa? Kodi ziwalo zayamba kulephera? Akayankha inde pa onse awiri, amenewo ndi matenda a sepsis, ndipo chithandizo chimayamba pompo. Kwa bambo akunyumba funso loyamba linayankhidwa ndi phazi lija. Lachiwiri munaliyankha ndinu nomwe pamene munanena za kubwebweta, befu ndi manja ozizira.

Chimene ndimafuna kuti munthu aliyense m'chigwa muno achidziwe ndi chakuti zambiri mwa zimene timayang'ana sizifuna makina. Wodwala wanu atagona chagada, muvundukuleni pachifuwa, muike foni pambali kuti muziona nthawi, ndipo muwerenge kangati chifuwa chakwera n'kutsika pa mphindi imodzi yathunthu. Musamuuze kuti mukuwerenga, chifukwa munthu akadziwa amasintha kapumidwe. Wamkulu wabwinobwino amapuma pakati pa 12 ndi 20. Akafika 22 kapena kuposera apo ali chigonere, pamene akudwala kale, pali vuto. Kenako mufunseni zinthu zimene sangaziphonye: dzina la mwana wake woyamba, mudzi umene ali, ngati kuli usiku kapena masana. Akamayankha mozengereza kapena zosiyana ndi funso, musanene kuti watopa. Mugwireni chala, mudine chikhadabo mpaka chiyere, mugwire choncho masekondi 5, kenako musiye. Kufiira kuyenera kubwerera msanga, pasanathe masekondi 2 kapena 3. Kukamabwerera mwaulesi, magazi sakuyenda bwino. Pomaliza mufunse kuti wakodza liti. Munthu amene wadwala n'kukhala kuyambira m'mawa mpaka madzulo osataya madzi, impso zake zikupempha thandizo. Kuchipatala timawonjezerapo BP, imene ikatsika kufika 100 kapena kucheperapo pa nambala yapamwamba ija timada nkhawa, kagundidwe ka mtima, ndi kachipangizo kopana chala koyeza okosijeni m'magazi.

Kutentha thupi ndi kumene kumapusitsa anthu ambiri. Timaganiza kuti thupi likazizira ndiye kuti wodwala wapeza bwino. Pa sepsis sizili choncho nthawi zonse. Agogo okalamba, khanda la masiku ochepa, mwana wonyentchera ndiponso munthu amene chitetezo chake chatsika kwambiri akhoza kudwala mwakayakaya thupi lisanatenthepo ndi pang'ono pomwe, mwina lili pansi pa madigiri 36. Kuzizira kotero n'koopsa kuposa kutentha. Panado nayenso amatsitsa kutentha koma sakhudza tizilombo, choncho munthu amaoneka ngati watsitsimuka madzulo pamene matenda akulowerera. Kuno kwathu kuli msampha winanso. Dzuwa la October ndi November likamawomba mpaka kupitirira madigiri 40, aliyense amakhala wolefuka, wathukuta, wokodza pang'ono, ndipo n'kosavuta kunena kuti ndi dzuwa chabe. Munthu wolefuka ndi dzuwa akakhala pamthunzi n'kumwa madzi amabwerera mwakale. Amene sakubwerera, kapena wayamba kusokonezeka mutu, apite kuchipatala, kaya chamugwetsa ndi dzuwa kaya ndi tizilombo.

Za malungo ndikhalepo pang'ono, chifukwa m'Chikwawa ndi m'Nsanje thupi likangotentha, maganizo athu onse amathamangira kumeneko, ndipo m'pake, udzudzu wa m'madambo a Shire tonse tikuudziwa. Inu munayezetsa, malungo sanapezeke, ndipo mwina mitima inakhala pansi. Kwa ine mzere umodzi pa kachipangizo kaja, munthu ali wotentha thupi, umatanthauza kuti ntchito yofufuza yangoyamba kumene. Ngati si malungo, n'chiyani? Apa m'pamene phazi linayenera kumasulidwa n'kuonetsedwa. Odwala ambiri satchula bala, chithupsa, kupweteka pokodza kapena chikazi chonunkha chifukwa cha manyazi, kapena poganiza kuti sizikugwirizana ndi kutentha thupi. Tchulani zonse, ngakhale simunafunsidwe. Mizere iwiri nayonso ikhoza kusocheretsa. Kachipangizoka kamatha kuonetsabe malungo kwa milungu ingapo munthu atamwa kale LA n'kuchira, ndiponso munthu akhoza kukhala ndi malungo ndi mabakiteriya m'magazi nthawi imodzi. Kwa ana zimenezi zimachitikachitika, makamaka ndi tizilombo ta mtundu wa Salmonella, n'chifukwa chake mwana wa malungo aakulu amabayidwa mankhwala a malungo a artesunate komanso maantibayotiki. Munthu amene wayamba LA koma tsiku lachiwiri akuipiraipira abwerere kuchipatala, asadikire kuti amalize mapilitsi.

Magazi amene anawatenga bambowo anali oti athandize kuona kukula kwa vuto ndi kulondola gwero lake. Ku labotale amawerenga asilikali a m'magazi, amaona ngati magazi achepa, amayeza shuga, ndipo kumene zipangizo zilipo amaona mmene impso ndi chiwindi zikugwirira ntchito. Mkodzo umayezedwa, chifuwa chimajambulidwa, m'mimba amaunikamo ngati akukayikira mafinya obisika. Wodwala akauma khosi kapena akakomoka, amatengedwa madzi a pamsana kuti aone ngati tizilombo tafika ku ubongo. Ndikudziwa kuti ambiri amakana zimenezi poopa kuti munthu akatengedwa madzi a pamsana amafa. Chimene chimachitika n'chakuti amene amatengedwa madziwo amakhala odwala kwambiri kale, ndipo chimawapha ndi matendawo. Kukana kumangomuchititsa dokotala kupereka mankhwala mongoyerekeza.

Kulinso kuyeza kwina kumene magazi amathiridwa m'botolo la chakudya cha tizilombo n'kusungidwa pofunda kuti ngati muli mabakiteriya amere, adziwike dzina ndi mankhwala amene angawaphe. Kuyeza kumeneku sikupezeka m'zipatala zonse, ku Queens ku Blantyre ndiye kwakhala kukuchitika kwa zaka zambiri. Zotsatira zimatenga masiku awiri kapena kuposerapo, ndipo mwa odwala ambiri amene alidi ndi sepsis m'botolomo simumera kanthu, makamaka ngati anamwa kale makapisozi kunyumba. Choncho kusaonetsedwa pepala lolembedwa dzina la kachilombo sikutanthauza kuti madokotala analota.

Wamkulu aliyense wobwera ndi sepsis m'dziko muno amafunika kuyezedwa HIV, ndipo pasakhale wokhumudwa nazo. Kafukufuku wa ku Queens anaonetsa kuti pakati pa akuluakulu ogonekedwa ndi sepsis, ambiri anali ndi kachilomboka, ndipo chifuwa chachikulu chofalikira m'thupi chinali chimodzi mwa zoyambitsa zikuluzikulu. TB yotereyi nthawi zina sikhosomoletsa n'komwe, ndipo maantibayotiki wamba saigwira. Pali kachipangizo koyezera TB mumkodzo mwa anthu amene chitetezo chawo chatsika kwambiri, ndipo kamapereka yankho pasanathe ola. Amene anasiya ma ARV anene zoona pofika, palibe adzamukalipire pa nthawi ngati imeneyo, ndipo mawu amenewo amasintha mankhwala amene apatsidwe.

Chithandizo chili ndi mbali zingapo zimene zimayendera limodzi. Maantibayotiki amaperekedwa kudzera mumtsempha, osati akumwa, chifukwa matumbo a munthu amene BP yatsika sayamwa bwino mankhwala. Malangizo amene madokotala padziko lonse amatsatira amati wodwala amene BP yagwa alandire jakisoni woyamba pasanathe ola limodzi chizindikirireni matendawa. Sitidikira zotsatira za ku labotale. Timayamba ndi mankhwala ogwira tizilombo tamitundumitundu, kuno kwathu kawirikawiri ceftriaxone, nthawi zina pamodzi ndi ena malinga ndi kumene vuto lachokera, kenako timasintha zikadziwika zambiri.

Apa pali chimene chimandipweteka mtima, ndipo ndichinena mosabisa ngakhale sindikukudzudzulani, chifukwa munachita zimene pafupifupi aliyense amachita. Makapisozi a pagolosale, awiri lero, awiri mawa, sachiza bala lolowa tizilombo mkati. Amangochedwetsa ulendo wa kuchipatala, ndipo amaphunzitsa tizilombo kupirira mankhwala. Ofufuza a bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome ataunika magazi a odwala a ku Queens kuyambira 1998 mpaka 2016 anapeza kuti pofika kumapeto kwa nthawiyo, mabakiteriya a Klebsiella pafupifupi 9 mwa 10 alionse, ndi a E. coli pafupifupi 3 mwa 10, anali atasiya kumva mankhwala a gulu la ceftriaxone. Mankhwala otsatira pamenepo ndi odula ndipo sapezeka paliponse. Tsiku limene mwana wanu adzafune ceftriaxone kuti apulumuke, tikufuna adzagwire ntchito. Bulufeni ndi indosidi nazonso muzipewe kwa munthu wodwalika amene sakukodza bwino, chifukwa zimawonjezera kuvulala kwa impso.

Okosijeni amaperekedwa mpweya ukachepa m'magazi. Anthu ena amati wodwala akaikidwa pa okosijeni ndiye kuti zatha, mpaka kuchotsa timapaipi tija usiku anamwino atatembenuka. Bambo akunyumba ndi umboni wakuti sizoona. Diripi ndi yobwezera madzi m'mitsempha kuti BP ikwere, koma imafuna muyezo. Kale tinkakhulupirira kuti madzi ambiri, othamanga, ndiwo abwino kwa aliyense. Kafukufuku wotchedwa FEAST, amene anachitika pa ana oposa 3,000 ku Uganda, Kenya ndi Tanzania n'kutuluka mu 2011, anadabwitsa madokotala: ana otentha thupi amene anathiridwa madzi ambiri mofulumira anamwalira ochuluka kuposa amene anapatsidwa pang'onopang'ono. Ku Lusaka kafukufuku wa akuluakulu anapezanso zofanana. Mitsempha ikamachucha, madzi opitirira muyezo amakathera m'mapapo. Ndiye gadiyani akaona diripi ikudontha mochedwa asatsegule yekha kagudumu kaja pofuna kuthandiza. Afunse namwino. Kolera ndi kutsegula m'mimba kwambiri ndi nkhani ina, pamenepo madzi atayikadi ndipo amabwezedwa mothamanga. BP ikakana kukwera ngakhale madzi alowa, pamafunika mankhwala ofinya mitsempha monga adrenaline, ndipo wodwala wotero amayang'aniridwa pafupipafupi, mwina mpaka kutumizidwa ku Blantyre. Gadiyani angathandize kwambiri posunga m'mutu, kapena kulemba, kangati wodwala wakodza ndiponso ngati akuzindikira anthu, n'kumuuza dokotala poyendera wodi.

Kung'amba phazi kuja mwina kunakuopsani, koma n'kutheka kuti ndi kumene kunawapulumutsa. Mankhwala amayenda ndi magazi, ndipo m'thumba la mafinya kapena mumnofu wakufa magazi safikamo. Ungabaye jakisoni wamphamvu chotani, gwero likapanda kutsegulidwa n'kutsukidwa, tizilombo timangotulukabe. N'chimodzimodzi ndi zotsalira m'chiberekero, thumbo lobooka ndi tayifodi, kapena dzino lowola limene latupitsa khosi. Achibale akamachedwa kusaina pepala la ku thiyeta podikira malume amene ali kutali, nthawi imakhala ikutha.

Mabala a kudimba ndi a m'madzi ndimawaopa kuposa mmene amaonekera. Matope a m'mbali mwa Shire, ndowe za ng'ombe, madzi osefukira amene asakanikirana ndi zimbudzi monga zinachitikira nthawi ya namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, zonsezi zili ndi tizilombo tolusa. Munga wa mlamba, bango lothyoka, dzino la ng'ona kapena la galu, zimalowetsa dothi mkati kukamwa kwa bala kuli kochepa. Bala latsopano litsukidwe nthawi yomweyo ndi madzi aukhondo ambiri ndi sopo, livindikiridwe ndi nsalu yochapa, ndipo lakuya likaonetsedwe tsiku lomwelo kuti munthu alandirenso katemera wa kafumbata. Musathiremo dothi, phulusa, mafuta a galimoto kapena ufa wa m'kapisozi, ndipo potupa musatemepo mphini, chifukwa mphini iliyonse ndi khomo linanso. Pakhungu lathu lakuda kufiira sikuoneka bwino, ndiye yang'anani kunyezimira, kutentha mukagwira ndi kuseri kwa dzanja, ndi kuderako kuposa mwendo winawo. Tengani bolopeni mulembe mzere kuzungulira pamene kutupa kwalekezera. Mukaona madzulo kuti kutupa kwadumpha mzere, kapena patuluka matuza, kapena ululu wakula kuposa kukula kwa bala, kapena m'mphechepeche mwatuluka mwanabere, nyamukani. Wodwala shuga asadikire n'komwe zimenezi, chifukwa mapazi ake samva ululu bwino.

Kwa mwana, kawerengedwe ka mpweya n'komweko, koma manambala ndi ena, ndipo muwerenge ali phee, osati akulira. Khanda losakwana miyezi 2 likapuma 60 kapena kuposa pa mphindi, mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akafika 40, akupuma mothamanga. Onaninso ngati pansi pa nthiti pakulowa mkati akamakoka mpweya. Mwana amene akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka, wangoti lefu osafuna kudzuka, kapena m'manja mwake mwayera, ameneyo ndi wa kuchipatala tsopano lino. Mawu a mayi akuti "mwanayu sali mmene amakhalira" ine ndimawalemekeza kwambiri, chifukwa mayi amaona kusintha ife tisanakuone pa zipangizo. Kumidzi yakutali alangizi a zaumoyo ena amakhala ndi mankhwala a malungo oika kumbuyo kwa mwana wodwalika. Amenewo ndi omugwiriziza panjira, ulendo ukhalepobe.

Khanda la m'chikuta ndiye losachedwa kutayika. Silikhosomola, kawirikawiri silitentha thupi, limangosiya kuyamwa, kulira kwake kumafooka, thupi limazizira, mwina pamchombo pamatuluka mafinya kapena khungu limachita chikasu mpaka m'mapazi. Mwambo wosatulutsa mwana mchombo usanagwe usatsekereze khanda lotere m'nyumba, ndipo apongozi ndi azakhali amve zimenezi mwana asanabadwe. Mayi alifungatire pachifuwa khungu kukhudza khungu, afunde nsalu, apite. Pamchombo pasapakidwe china chilichonse koposa mankhwala a chlorhexidine amene amaperekedwa kuchipatala. Mayi wochira kumene nayenso ali pangozi kwa milungu 6 yoyamba. Kutentha thupi, kupweteka m'chinena, zotuluka zonunkha, bala la opaleshoni lochucha, zimenezi si zachibadwa za uchembere. Amene wapita padera, kaya zachitika motani, asabisale ndi manyazi.

Mtunda ndi mdani wathu wamkulu m'chigwa muno. Wa ku Ngabu kapena ku Nchalo ali pafupi ndi msewu wa M1 ndi zipatala, koma wa ku East Bank, ku Makhanga kapena kumunsi kwa Nsanje, dzinja likafika milatho itakokoloka, ulendo umakhala wa bwato ndi machira. Amene ali kutali azinyamuka msanga kuposa amene ali pafupi, pa chizindikiro choyamba, osadikira chachitatu. Nambala ya wakabaza wodalirika ndi ya mwini bwato zikhale m'foni nthawi yabwino, ndi kandalama kapadera ka ulendo. Pitani ku chipatala chimene chili pafupi, ngakhale chaching'ono, chifukwa akhoza kubaya jakisoni woyamba n'kuitana ambulansi yopita ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Panjira, wodwala amene ali maso azimwa pang'onopang'ono Thanzi kapena madzi aukhondo. Amene sakuzindikira musamukakamize phala kapena mankhwala azitsamba m'kamwa, amatsamwa n'kulowa m'mapapo. Mugonekeni cham'mbali. Mukafika musakhale kumapeto kwa mzere mwaulemu. Pitani kwa namwino munene mawu achindunji: "Wodwala wanga akupuma mothamanga, wasokonezeka mutu, sanakodze chiyambire m'mawa." Onetsani mapaketi a mankhwala onse amene wamwa, ndi azitsamba omwe.

Mwafunsa ngati ibweranso. Sepsis sikhala m'thupi mobisala kudikira tsiku lina, ndiponso simungaitenge posamalira bambowo kapena kudyera nawo mbale imodzi. Koma munthu amene wadwalapo amakhala wosalimba kwa miyezi ingapo, ndipo matenda ena atsopano akhoza kumufikitsanso pomwe paja mosavuta. Choncho akangotentha thupi, akayamba kukhosomola kapena phazi likasintha, musayambe ndi golosale, ndipo pofika kuchipatala munene kuti anagonekedwapo ndi sepsis.

Kufooka ndi kuiwalaiwala kumene mukukuonaku n'kodziwika. Minofu imasungunuka munthu akagona milungu iwiri akudwala chonchi, ndipo ubongo umene unaperewedwa magazi umatenga nthawi kuti ubwerere. Ena amasowa tulo, amalota zoopsa, amapsa mtima msanga, kapena amangokhala ndwii. Si misala, si ulesi, ndipo si chizindikiro chakuti wina akuwachita chipongwe. Ambiri amapeza bwino pang'onopang'ono pa milungu kapena miyezi. Azidya kangapo patsiku ngakhale pang'onopang'ono, nsomba, mazira, nyemba, nandolo, phala lothira nsinjiro. Aziyenda tsiku lililonse, lero kufika pakhonde, mawa pamtengo wa pabwalo, kuwonjezera mmene mphamvu zikulolera. Kuiwala kukamakula m'malo mochepa, kapena miyendo ndi nkhope zikayamba kutupa, mubwerere nawo msanga.

Tsiku limene anakulemberani kuti mukaonetsenso phazi musaliphonye ngakhale bala likuoneka louma. Tengani buku lawo la kuchipatala, ndipo mupemphe kuti awayeze shuga, chifukwa anthu ambiri amadziwira pa bala lotere kuti ali ndi matendawa. Mufunsenso ngati anayezedwa HIV, ngati impso zabwerera mwakale, ndiponso ngati analandira katemera wa kafumbata ndi tsiku lobayitsa wotsatira. Kudimba asabwerere mpaka bala litatsekeka lonse, ndipo akadzayambiranso, mukawagulire majombo.